Kodi choletsa kuyimba foni m'ndege n'chiyani kwenikweni?

Pa 20 Malichi 2008, ndege ya Emirates yochokera ku Dubai kupita ku Casablanca itakwera m'mwamba, apaulendo analoledwa kuyatsa mafoni awo n'kuyimbira anthu pansi. Inali Airbus A340, ndipo inakatera bwinobwino. Patatha zaka 10, mu Okutobala 2018, dziko la America linakhazikitsa lamulo lolamula unduna wa zamtengatenga kuti uletse kuyankhula pa foni m'ndege zonyamula anthu. Ndege zake n'zamitundu yomweyo, mafoni ake ndi omwewo, koma kwina alola kwina akaniza.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti pansi pa funso limodzili pabisala nkhani zitatu zosiyana: netiweki ya mafoni ya pansi, zipangizo zoyendetsera ndege, ndi munthu amene wakhala naye mpando woyandikana. Ziwiri zoyambazo akatswiri anazipezera njira kalekale. Imene yatsala ndi yachitatu, ndipo ndi imene ili yovuta.

Chiletso choyamba sichinachokere kwa oyendetsa ndege

Mu 1991, bungwe la FCC, limene limayang'anira mafunde a wailesi ku America monga imachitira MACRA ku Malawi, linaletsa kugwiritsa ntchito foni zam'manja ndege ikangochoka pansi. Nkhawa yawo inali pa nsanja za netiweki.

Netiweki ya mafoni imadalira kugawana mafunde. Kampani ili ndi mafunde ochepa, choncho imawagwiritsa ntchito mobwereza: nsanja ya mbali ino ya mzinda ndi nsanja ya mbali ina yakutali zimatha kukhala pa funde limodzi osasokonezana, chifukwa pakati pawo pali nyumba, mitengo, mapiri ndi kupindika kwa dziko. Foni ili m'thumba mwanu imamvedwa ndi nsanja zochepa zapafupi basi. Mukaikweza pa mtunda wa makilomita 11, zotchinga zonsezo zachoka. Kuchokera pamenepo mafunde amatha kufika pafupifupi makilomita 400 mbali iliyonse, ndipo foni imodzi imamveka pa nsanja zambirimbiri nthawi imodzi, n'kumalowerera pa mafunde amene anthu ena pansi akuyankhulirapo.

Palinso liwiro. Ndege yothamanga makilomita 900 pa ola imadutsa makilomita 15 pa mphindi imodzi. Dera la nsanja ya m'tauni imalidutsa m'masekondi ochepa, nsanja isanamalize n'komwe kupereka foniyo kwa inzake. Netiweki ya GSM, ija ya 2G, inapangidwa poganizira munthu wa pagalimoto kapena pasitima, wosapitirira makilomita 250 pa ola, komanso wosatalikira nsanja kuposa makilomita 35. Tinyanga ta pansanja timaloza cha pansi, kumene kuli makasitomala. N'chifukwa chake foni yoiwalika yoyaka m'chikwama nthawi zambiri sipeza netiweki yolimba ndege ili pamwamba. Imangogwiragwira, kutaya, kugwiranso, batire n'kumatha.

Nanga ndege yeniyeniyo?

Apa ndi pofunika kunena mosamala, chifukwa anthu amakokomeza mbali zonse ziwiri. Zipangizo za ndege zili ndi mafunde awoawo. Woyendetsa amayankhulana ndi owongolera ndege pansi pa 118 mpaka 137 MHz. Chipangizo cha ILS, chimene chimatsogolera ndege potera kukakhala chifunga, chimagwiritsa ntchito 108 mpaka 112 MHz poilozetsa pakati pa msewu wake, ndi 329 mpaka 335 MHz poitsitsa pang'onopang'ono. GPS ili pa 1,575 MHz. Chipangizo choyeza kutalika kwa ndege kuchokera panthaka chili pa 4,200 mpaka 4,400 MHz. Mafoni ali pa mafunde ena, monga 900, 1,800 ndi 2,100 MHz. Papepala sizikumana.

Vuto n'lakuti palibe chipangizo choulutsa mafunde chimene chimakhala chaukhondo kotheratu. Chilichonse chimadontheza timafunde tina kunja kwa malire ake, makamaka chikakhala chotchipa, chogwa pansi kangapo kapena chokonzedwa ndi zida zosayenera. Mafoni awiri kapena atatu akamaulutsa pamodzi, mafunde awo amatha kusakanikirana n'kubereka ena atsopano. Zodonthazo zili ndi njira ziwiri zolowera. Zitha kutulukira pawindo n'kukafika pa tinyanga ta kunja kwa ndege, kapena kulowa m'mawaya amene amayenda pansi pa mipando ndi m'makoma. GPS ndiyo imadetsa nkhawa kwambiri, popeza mafunde ake amafika kuchokera kumwamba ali ofooka zedi.

Aliyense amene anaikapo foni pafupi ndi sipika kapena wailesi amaudziwa mlizo wa "dididi-dididi" umene umamveka foni isanalire. Umabwera chifukwa foni ya GSM imaulutsa modukizadukiza, ka 217 pa sekondi. Mlizo womwewo oyendetsa ndege akhala akuumva m'mahedifoni awo. Sugwetsa ndege, koma ukabwera pamene wowongolera pansi akutchula kutalika kumene ndege iyenera kutsikira, nambala imodzi itha kumveka molakwika.

Mu 2003 bungwe loona za ndege ku Britain linatulutsa lipoti lonena kuti linayesa zipangizo za ndege m'chipinda choyesera, kuziwomba ndi mafunde a mafoni amphamvu, ndipo linaona kampasi ikuima kapena kulozera molakwika, zizindikiro zina zikugwedezeka, ndi phokoso m'mahedifoni. Chaka chomwecho ofufuza a ku Carnegie Mellon University anakwera maulendo 37 atanyamula chipangizo choyeza mafunde, ndipo anapeza kuti anthu amayimba ndithu mafoni m'ndege ngakhale n'zoletsedwa. Zimenezi zikutiuza zinthu ziwiri nthawi imodzi: kusokoneza n'kotheka, komanso tsiku lililonse ndege masauzande zimauluka ndi mafoni oyaka osachita ngozi. Ngozi imene anthu amaitchula kawirikawiri pankhaniyi ndi ya ndege ya Crossair imene inagwa itangonyamuka ku Zürich pa 10 Januwale 2000 n'kupha anthu 10. Za foni zinakambidwa kwambiri panthawiyo, koma ofufuza anagamula kuti woyendetsa anasokonezeka n'kulephera kuzindikira mmene ndege inapendekera.

Ndege zamakono zimayesedwa kuti zipirire mafunde amphamvu kuposa a foni, monga a rada. Poona zimenezi, pa 31 Okutobala 2013 bungwe loona za ndege ku America, FAA, linalola kuti apaulendo azigwiritsa ntchito zipangizo zawo kuyambira ponyamuka mpaka potera, bola zili pa airplane mode, imene imathimitsa mafunde a foni. Mu Seputembala 2014 bungwe loona za ndege ku Ulaya, EASA, linapita patsogolo, n'kulola makampani kuti asamakakamize airplane mode ngati ayesa ndege zawo n'kutsimikiza kuti zikupirira. Mawu ofunika apa ndi akuti "ngati ayesa". Chilolezo chimatsata mtundu wa ndege ndi kampani yake. N'chifukwa chake mutha kukwera ndege ziwiri tsiku limodzi n'kumva malangizo osiyana, ndipo onse ali olondola. Potera m'chifunga chochindikala, pamene ndege ikudalira ILS mpaka pafupi ndi nthaka, woyendetsa ali ndi ufulu wolamula kuti zonse zithimitsidwe.

Mkangano wa 5G umene unabuka ku America mu Januwale 2022 anthu ambiri amausakaniza ndi nkhaniyi. Uja unali wa nsanja zamphamvu za makampani a mafoni a AT&T ndi Verizon pafupi ndi mabwalo a ndege, zoulutsa pa mafunde a pakati pa 3,700 ndi 3,980 MHz, kufupi ndi mafunde a chipangizo choyeza kutalika chija. Sunali wa foni ya m'dzanja la wapaulendo.

Kansanja ka m'ndege

Njira imene Emirates inagwiritsa ntchito, kudzera ku kampani ya AeroMobile, ndi yanzeru ndipo ndi yosavuta kuimvetsa. Foni imakuwa molingana ndi kutalika kwa nsanja. Ikamva nsanja patali imayesa kulembetsa ndi mphamvu zake zonse, zimene pa GSM zimafika mawati 2 pa 900 MHz ndi wati imodzi pa 1,800 MHz. Nsanja ikakhala pafupi imailamula kuti itsitse mawu. Ndiye akatswiri anati: tiyeni tiike nsanjayo m'ndege momwemo.

Zida zake ndi zinayi. Choyamba ndi kansanja kakang'ono, kotchedwa picocell, kobisika m'denga kapena m'chipinda cha zipangizo. Chachiwiri ndi chingwe chodontheza mafunde mwadala, choyalidwa m'denga kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kuti mpando uliwonse ukhale pafupi ndi netiweki. Foni ikalumikizana nako, kansanjako kamailamula kuti iulutse pa miliwati imodzi yokha, kutanthauza kuchepetsa mphamvu ka 1,000 poyerekeza ndi wati imodzi ija. Chachitatu ndi chipangizo chotchinga, chimene chimafalitsa phokoso lochepa pa mafunde a mafoni m'kati mwa ndege kuti foni isamve nsanja za pansi n'kuyamba kuzikuwira. Chachinayi ndi kanyanga ka pamsana pa ndege kotumiza zonse ku setilaiti, kenako ku siteshoni ya pansi, kenako ku netiweki ya dziko la munthu amene mukumuyimbira.

Ogwira ntchito m'ndege ali ndi batani loyatsira ndi kuthimitsira, ndipo atha kutseka mawu n'kusiya mameseji okha, monga usiku anthu akagona. Netiwekiyi siyaka ndege isanafike mamita 3,000 kuchokera pansi, ndipo imadzithimitsa ikatsika kupyola pamenepo. Malire amenewa anaikidwa ndi European Commission mu Epulo 2008 pololeza GSM ya 1,800 MHz m'ndege. Mu 2013 anawonjezera 3G ndi 4G, ndipo mu Novembala 2022 anawonjezera 5G, n'kupatsa mayiko mpaka pa 30 Juni 2023 kuti akonze mafunde ake. Dziko la India litalola mafoni m'ndege mu 2018 linatenganso malire omwewo a mamita 3,000. Dziwani kuti chigamulo cha ku Ulayachi chimangotsegula mafunde. Sichikakamiza kampani iliyonse kuika zidazo, ndipo sichipatsa wapaulendo ufulu woyimba.

Zimene zimavuta pa njirayi n'zodziwika. Setilaiti zakale zoyendera limodzi ndi dziko zili pa mtunda wa makilomita 35,786. Mawu akakwera n'kutsika ayenda makilomita pafupifupi 72,000, zimene zimatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Yankho libwerenso njira yomweyo, ndiye mukafunsa funso mumadikira theka la sekondi kapena kuposa. Bungwe la ITU, loona za mauthenga padziko lonse, limati mawu akachedwa osapitirira mamilisekondi 150 anthu sazindikira, koma akapitirira 400 kucheza kumavuta. Anthu amayamba kudulana mawu, aliyense n'kumaganiza kuti mnzake sanamve, mapeto ake onse akukweza mawu. Kansanja ka GSM kamanyamulanso anthu ochepa nthawi imodzi.

Kenako pali mtengo. Netiweki ya m'ndege siili m'dziko lililonse, ili ndi nambala yakeyake yapadziko lonse, 901, monga ya m'sitima zapanyanja. Kampani yanu imaiwerengera ngati roaming ya mtengo wapadera, ndipo mabandulo a kunyumba kapena a roaming wamba kawirikawiri sagwira. Amene amalira kwambiri si oyimba, koma amene anasiya data roaming yoyaka: foni imalumikizana yokha ndege ikakwera, n'kuyamba kukopera zithunzi za m'magulu a WhatsApp mwini wake ali mtulo. Kampani ya ndege ya Ryanair inayamba kuika netiweki yotereyi ya kampani ya OnAir m'ndege zake mu 2009, koma mu 2010 mgwirizanowo unatha.

Malire a mayiko nawonso amalowererapo. Pangano la ku Chicago la 1944 limati dziko lililonse ndi mwini wa mlengalenga mwake, ndipo gawo 30 limati zoulutsira mafunde za m'ndege zizigwiritsidwa ntchito motsatira malamulo a dziko limene ndegeyo ikudutsamo. Ndege yochoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg imadutsa m'mlengalenga mwa mayiko angapo m'maola awiri ndi pang'ono, ndipo lililonse lili ndi bungwe lake loona za mafunde. Ndege ya ku Ulaya kapena ya ku Middle East yokhala ndi kansanja imayenera kukathimitsa ikamalowa m'dziko limene silinalole, monga America.

Wi-Fi inagwetsa mpanda

Kuyimba m'ndege si chinthu chatsopano. Kuyambira mu 1984 ndege za ku America zinali ndi mafoni a Airfone, amene pambuyo pake anaikidwa kumbuyo kwa mipando, olipira ndi khadi. Pa 11 Seputembala 2001, ambiri mwa mauthenga ochokera m'ndege ya United 93, imene zigawenga zinalanda, anadutsa pa mafoni amenewa. Palibe amene ankadandaula za phokoso, chifukwa mtengo wake unali wa madola angapo pa mphindi, ndipo munthu ankanena mawu awiri atatu n'kudula. Mtengo ndi umene unkasunga bata. Mu 2006 Verizon, mwini wa Airfone, inasiya ntchitoyi m'ndege zonyamula anthu.

Lero mpanda wa mtengo uja ukugwa. Setilaiti za Starlink zimazungulira pa makilomita pafupifupi 550 okha, choncho kuchedwa kwa mawu kwatsika kufika pa mamilisekondi makumi ochepa. Qatar Airways inayamba kuuluka nazo mu Okutobala 2024, ndipo makampani ena monga Hawaiian Airlines, airBaltic, United ndi Air France nawonso atenga njira yomweyo, ambiri mwaulere. Kuyimba pa WhatsApp sikudya ngakhale megabayiti imodzi pa mphindi. Foni imakhala pa airplane mode, Wi-Fi yokha ndiyo yoyaka, ndiye sikukhudza nsanja za pansi, sikuphwanya lamulo la 1991, ndipo ndegeyo inayesedwa kale kuti imapirira Wi-Fi. Zifukwa zonse zaukatswiri zatha. Apaulendo anapempha intaneti yothamanga kwa zaka zambiri, ndipo walira mvula walira matope.

Makampani amayesa kutseka mawu pa Wi-Fi posefa mitundu ya data, koma sefayo imadontha. Munthu woyatsa VPN amabisa zimene akuchita, ndipo mafoni ambiri ali ndi Wi-Fi calling imene imalola foni kulira ngati ili kunyumba. Pomaliza ntchito yoletsa imagwera wogwira ntchito m'ndege, amene ayenera kuwerama n'kupempha munthu wamkulu kuti adule foni.

Izi ndi zimene zinaoneka ku America. Mu Disembala 2013 wapampando wa FCC, Tom Wheeler, anabweretsa ganizo lochotsa chiletso cha 1991 ponena kuti chifukwa chake chaukatswiri chinatha, ngakhale iye mwini anavomereza kuti safuna kukhala pafupi ndi munthu woyimba foni m'ndege. Ganizolo linadutsa poyambira ndi mavoti 3 kwa 2, koma anthu analikana mwamphamvu. Bungwe la ogwira ntchito m'ndege, Association of Flight Attendants, linatsutsa, ndipo kampani ya ndege ya Delta inalengeza kuti siidzalola ngakhale boma litalola. Lamulo la 2018 linasintha poyang'ana: m'malo moletsa funde, linaloza mchitidwe woyankhula pa chipangizo cham'manja, n'kupatula ogwira ntchito m'ndege ndi achitetezo a boma ali pantchito. Mu Novembala 2020 FCC inatseka nkhani ya Wheeler ija osasintha kanthu.

Khutu la mnzako

Anthu ena amati: m'minibasi timayimba, m'basi yopita ku Joni timayimba, nanga m'ndege chavuta n'chiyani? Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake lili m'miyeso. M'kati mwa ndege youluka muli phokoso la madesibelo pakati pa 75 ndi 85. Munthu akamayankhula m'phokoso amakweza mawu osadziwa, chinthu chimene dokotala wa ku France, Étienne Lombard, anachifotokoza mu 1911. Pocheza ndi woyandikana naye mumawerama n'kunong'ona chifukwa mukuonana. Pa foni simuona ngati mnzanu wamva, ndiye mumakuwa. Mpando wa anthu wamba ndi wotambalala masentimita 43 mpaka 46, kutanthauza kuti pakamwa pa woyimbayo pali pafupi kwambiri ndi khutu la mnzake. Boeing 737-800 imanyamula anthu mpaka 189. Mmodzi yekha mwa anthu khumi alionse atayimba, ndiye kuti pakamwa 19 pakukuwa m'chipinda chimodzi.

Kumva mbali imodzi ya macheza kumatopetsa kuposa kumva mbali zonse. Ofufuza a ku Cornell University anasonyeza mu 2010 kuti anthu omva theka la zokambirana amalakwitsa kwambiri ntchito zofuna chidwi, chifukwa ubongo umalephera kulosera kuti mawu abweranso liti ndipo umangokhala tcheru. Basi imaima, munthu n'kutsika kapena kusintha mpando. M'sitima za Shinkansen ku Japan woyimba amapita kukaima pakhonde la pakati pa mabogi, ndipo Amtrak ku America ili ndi bogi ya chete. M'ndege mulibe khonde. Malo okhawo opanda mipando ndi pafupi ndi zitseko, kophikira ndi kuzimbudzi, ndipo chizindikiro cha lamba chikayaka aliyense ayenera kukhala pansi, nthawi zina kwa maola.

Apa ndi pamene nkhani ya ulemu imasanduka ya chitetezo. Ndewu m'ndege ilibe kothawira, ndipo imachotsa ogwira ntchito pa udindo wawo weniweni. Ndege iliyonse yaikulu imayesedwa kuti anthu onse atuluke m'masekondi 90 theka la zitseko lili lotseka. Munthu amene anali pa foni pamene malangizo amaperekedwa sadziwa khomo lapafupi, ndipo amachedwetsa onse a kumbuyo kwake.

Mbali inayo ili ndi mfundo zake zosafunika kuzinyoza. Pali munthu amene akuthamangira matenda kapena maliro, pali dokotala amene akufunidwa mwadzidzidzi, pali wosaona amene kulemba meseji kumamuvuta. M'makampani amene analola kalekale, oyimba akhala ochepa ndipo amayankhula mwachidule. Koma umboni umenewu unasonkhanitsidwa nthawi imene mphindi imodzi inali yodula. Sungatiuze zimene zidzachitike kuyimba kukakhala kwaulere, kwa vidiyo, kwa maola 14.

Kuona kwanga n'kwakuti mameseji, maimelo, intaneti ndi kumvetsera msonkhano pa mahedifoni osayankhula ziloledwe ulendo wonse pamene ndege inayesedwa. Kuyankhula pampando kukhale koletsedwa, ndipo wokhala ndi vuto lenileni apemphe ogwira ntchito kuti amupezere malo ndi mphindi zochepa. Lamulo lilembedwe poloza kuyankhula, osati mtundu wa funde, apo ayi luso latsopano lililonse lizilidumpha. Kampani imene yasankha kulola inene poyera munthu asanagule tikiti, monga unduna wa zamtengatenga ku America unaganizira mu Disembala 2016, ndipo izitseka mawu ponyamuka, potera ndi usiku.

Pakali pano chimene chimamanga wapaulendo ndi mawu a ogwira ntchito m'ndege imene wakwera. Pangano la ku Tokyo la 1963 limapatsa kaputeni mphamvu yoletsa, kutsitsa kapena kupereka kwa apolisi munthu wosokoneza bata, ndipo mu 1999 khoti la ku Britain linalamula munthu wina kukhala m'ndende chaka chimodzi chifukwa chokana kuthimitsa foni m'ndege yochokera ku Madrid kupita ku Manchester. Zitseko zisanatsekedwe, thimitsani data roaming, ikani airplane mode, kenako yatsani Wi-Fi kapena Bluetooth payokha ngati mwaloledwa, ndipo thimitsani Wi-Fi calling kuti foni isalire pakati pa usiku. Foni ikagwera m'mphako ya mpando, musasunthe mpandowo. Itanani wogwira ntchito, chifukwa batire ya lithiamu ikapanikizika ndi zitsulo za mpando itha kuyaka moto, ndipo iwo ndi amene anaphunzitsidwa kuizimitsa ndi kuiziziritsa ndi madzi.